Tisanapite ku London pa foni, tiyambe talowa m'Chamare

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwanga ndipo mumapezabe mpata wowerenga zimene ndimalemba pano, lero ndifuna tikambirane za nyumba zosungiramo zinthu zakale, zija ambiri timangoti myuziyamu. Masiku ano kwabuka uphungu woti makolo ndi aphunzitsi azionetsa ana mamyuziyamu kudzera pa intaneti. Akuti mwana ali khale pamphasa atha kuyendera nyumba zikuluzikulu za ku London, Paris kapena Washington, osakwera minibasi, osafuna pasipoti. Uphunguwu udakula mphamvu mu 2020, pamene matenda a Covid-19 adatseketsa mamyuziyamu ndi sukulu m'maiko ambiri, kuphatikizapo sukulu zathu zimene zidatsekedwa m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho.

Ine sindikutsutsa uphunguwu. Ndaugwiritsapo ntchito m'kalasi ndipo ubwino wake ndauona. Koma ndili ndi ganizo limodzi limene ndaimapo nji. Kwa ife a kuno ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, myuziyamu ya pa intaneti izibwera pambuyo. Mwana ayambe waona pafupi zinthu zenizeni za kwawo, aphunzire kufunsa mafunso pa zimene waonazo, kenako foni imuthandize kulondola mayankho kutali kumene miyendo yake singafike. Tikayambira kumchira, tidzalera ana oloweza maina a mafumu a ku Egypt koma osadziwa kuti likulu la Kalonga lidali m'dera lomwelino limene makolo awo amalimamo chimanga ndi thonje.

Zimene zili pa intaneti

Poyamba ndivomereze kuti pa intaneti pali chuma. British Museum ya ku London idaika poyera zithunzi ndi mbiri ya zinthu zake zochuluka zedi, ndipo aliyense atha kuzifufuza mwaulere. Bungwe la Smithsonian la ku America lidamasula zithunzi pafupifupi 2.8 miliyoni mu 2020 kuti anthu azizikopera popanda kupempha chilolezo. Kampani ya Google idayamba mu 2011 ntchito imene lero imatchedwa Google Arts & Culture, yosonkhanitsa zithunzi za mamyuziyamu a m'maiko osiyanasiyana pamalo amodzi. Ena adajambula zipinda zawo zonse, moti umatha kuyenda chipinda ndi chipinda pongokhudza galasi la foni.

Amene mumaphunzitsa mbiri mukudziwa mmene phunziro la Egypt limavutira. M'buku muli kachithunzi kakuda bii, kosaoneka bwino, ndipo buku lomwelo akulimbirana ana asanu. Tsono taganizani mwala uja wa Rosetta, umene udapezeka mu 1799 ndipo wakhala ku British Museum kuyambira 1802. Pa foni mwana amatha kuukulitsa mpaka kuona yekha kuti pamwalapo pali mitundu itatu ya zilembo, ndipo kuchokera apo savutika kumvetsa mmene akatswiri adagwiritsira ntchito Chigiriki, chimene ankachidziwa kale, potulukira tanthauzo la zilembo za Aigupto. Pamenepo choko ndi bolodi zimagonja. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sindifuna kuti ana athu atsekeredwe m'dziwe la Mua.

Zimene zili pakhomo pathu

Komatu dziwe lathuli si laling'ono. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anthu adawapatsa dzina loti Chisale, adayambitsa malo a Kungoni. Adayamba ndi amisiri osema ziboliboli, ndipo ntchito ya manja awo lero ili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja komwe. Pamalo omwewo pali Chamare Museum, imene dzina lake lidachokera kwa Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene makolo athu ankamutchula kuti Chamare.

Musanalowe n'komwe, makoma akunja ali ndi zithunzi zolongosola mbiri ya dziko lino. Mkati muli zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza za kubwera kwa amishoni ndi mbiri ya Mua. Chachiwiri ndi cha Achewa, kuyambira kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro, ndipo ndi mmene muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Mitundu itatu imeneyi ndi yomwe yadzaza m'makalasi mwathu. Mwana aliyense wa m'dera lino akalowamo amapezamo agogo ake penapake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti alendo amakwera ndege kuchokera kutsidya la nyanja, n'kupatuka pamsewu wa Salima kudzaona nyumba imeneyi, pamene ana obadwira pamtunda woyenda pansi amamaliza Fomu 4 asadapondemo. Chaka ndi chaka ndimafunsa kalasi yatsopano kuti ndani adalowapo m'Chamare, ndipo manja amene amakwezedwa savuta kuwerenga. Ambiri amadziwa geti lake, amadziwa magalimoto a alendo amene amaima pamenepo, koma m'mitima mwawo adagamula kale kuti amenewo ndi malo a azungu. Palibe adawauza choncho. Angoona kuti makolo awo salowamo, aphunzitsi awonso salowamo.

Chamare sili yokha. Kufupi ndi Mtakataka kuli Mankhamba, kumene kudali likulu la Kalonga m'nthawi ya ufumu wa Maravi. Dr. Yusuf Juwayeyi, katswiri wathu wa zofukula pansi, adakumba pamalowa ndipo adalemba zimene adapeza m'buku limene lidatuluka mu 2020. Pamodzi ndi mapale a miphika ya kuno, adapeza mikanda yagalasi yochokera kutali, zinthu zamkuwa, zosema za minyanga ya njovu, ndi zidutswa za mbale za ku China. Mukakwera msewu wa Khwekhwerere kupita kumtunda ku Dedza mufika m'dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira amati zidajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera n'za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi nyau. Boma limodzi lokha la Dedza, chuma chonsechi.

Chifukwa chake kwathu kuyenera kutsogola

Wina anena kuti zilibe kanthu kumene mwana wayambira, bola waphunzira. Ine ndikuti zili ndi kanthu, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Kuyang'ana chinthu chakale ndi luso, ndipo luso limaphunziridwa. Mwana amene mwamupatsa foni yodzaza zithunzi za myuziyamu amazipsepsa ndi chala monga amachitira pa Facebook. Pamphindi imodzi wadutsa zinthu khumi, ndipo mukamufunsa chimene waona akuti zinali zokongola. Foni idamuzoloweza kuthamanga. Chinthu chenicheni sichilola kupsepsedwa. Chishango cha Angoni chikakhala pamaso pake amayenera kuima, kuona kukula kwake poyerekeza ndi thupi lake, kuona kuti ndi chikopa cha ng'ombe chokhala ndi ubweya wake, kuona mmene tizingwe tachikopa tidalukidwira pakati kuti tigwire ndodo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku mwana amakuphunzira pa chinthu chimene chili pamaso pake.

Pa galasi la foni zinthu zonse zimalingana. Mkanda ndi ngalawa zimakhala zazikulu chimodzimodzi, zonse zokwana m'dzanja. Palibe kulemera, palibe fungo la utsi kapena la chikopa. Mwana amene adanyamulapo mphero kapena adaimapo pafupi ndi ng'oma yaikulu ali ndi choyezera m'mutu mwake, ndipo akaona chithunzi cha chinthu cha kutali amafunsa yekha kuti kodi n'chachikulu bwanji, adachipanga ndi chiyani, ankachinyamula motani. Amene alibe choyezera chimenechi amangoona mitundu.

Komanso pa Chamare pali munthu woti umufunse, ndipo amayankha m'Chichewa. Ukamufunsa funso lopusa amaseka nawe n'kukuyankha. Mamyuziyamu a pa intaneti pafupifupi onse amalankhula Chingerezi kapena zinenero zina za ku Ulaya, ndipo ndi Chingerezi cha akatswiri chimene ngakhale ife aphunzitsi chimatitengera ku dikishonale. Mwana wa Fomu 1 amene akulimbana ndi Chingerezi cha m'kalasi sangapindule yekha ndi mawu amenewo. Mayi ake amene adalekezera Sitandade 5 ndiye atsekeredwa kunja. Tikamati myuziyamu ya pa intaneti ndi ya banja lonse, tidzifunse kuti tikunena banja la kuti.

Pamene foni imaposa miyendo

Mwana akayamba kufunsa, apo ndi pamene intaneti imasanduka mphunzitsi mnzathu. Titenge zidutswa za mbale za ku China zopezeka pa Mankhamba. Funso limabwera lokha: mbale yopangidwa ku China idafika bwanji ku Mtakataka zaka mazana angapo zapitazo, kulibe njanji, kulibe galimoto? Yankho lili pa malonda a pa nyanja ya India, amene ankalowa kumtunda kuno kudzera mumtsinje wa Zambezi ndi misika ya Sena ndi Tete, minyanga ya njovu ikupita, nsalu ndi mikanda zikubwera. Tsono mutsegule foni ndi kumuonetsa mwanayo mbale zathunthu za ku China za nthawi imeneyo, zosungidwa m'mamyuziyamu a kunja. Sazipsepsanso. Akufuna kuona chimene mfumu ya kwawo inkadyeramo kapena kusungira ulemu wake.

Chimodzimodzi ndi malo a m'dziko mwathu momwemuno amene thumba lathu silingatifikitse. Ku Karonga kuli myuziyamu imene idatsegulidwa mu 2004, mmene muli chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chimene chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. M'boma lomwelo, pa Uraha, mu 1991 mudapezeka nsagwada ya munthu wakalekale ya zaka zoposa 2 miliyoni. Ku Mangochi kuli myuziyamu ya za panyanja ndi mbiri ya sitima ya Guendolen, imene idawombera sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914 kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ku Blantyre kuli ya pa Chichiri. Ndi sukulu zingati za kuno zingakwanitse kutengera kalasi yonse ku Karonga? Zithunzi za pa intaneti zimatithandiza pamenepa, ngakhale kuti mamyuziyamu athu akadali m'mbuyo kwambiri poika zinthu zawo poyera mwadongosolo. Izi n'zofunika kuti a boma oyang'anira za chikhalidwe azilingalire mozama.

Pali chinanso chimene foni yokha ndiyo ingatichitire, ndicho kutionetsa zathu zimene zidatuluka m'dziko muno. M'nthawi ya atsamunda amishoni, asilikali ndi mabwanamkubwa ankatumiza kwawo mikondo, zisakasa, mikanda, zipande ndi zoimbira. Zina adagula, zina adapatsidwa, zina adalanda pankhondo. Lero zili m'malo ngati British Museum, Pitt Rivers Museum ku Oxford ndi National Museum of Scotland ku Edinburgh. Pofufuza musangolemba Malawi. Yesaninso maina akale monga Nyasaland, British Central Africa ndi Angoni, chifukwa zambiri zidalembedwa m'kaundula ndi maina amenewo. Nyimbo nazo ziliko. Hugh Tracey adajambula nyimbo za makolo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa.

Pano ndi pamene mphunzitsi ayenera kukhala maso. Mukawerenga zolembedwa pansi pa zinthu zimenezi muona kuti dzina la mzungu amene adachitenga limalembedwa bwinobwino ndi chaka chomwe, koma dzina la mmisiri amene adachipanga kawirikawiri palibe. Ana anga ndimawapatsa mafunso atatu oti azifunsa chinthu chilichonse chotere: adachipanga ndani, adachitenga ndani, nanga adachitenga motani? Mafunso amenewa amatsegula nkhani imene ikukambidwa m'Africa yense. Chigaza cha munthu wakale chimene chidapezeka ku Kabwe mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Anzathu a ku Nigeria adathandizana ndi akatswiri akunja kukhazikitsa Digital Benin mu 2022, kaundula wa pa intaneti wa zinthu zoposa 5,000 za ufumu wa Benin zimene zidamwazikana m'maiko 20, zambiri mwa izo zitalandidwa ndi asilikali a Britain mu 1897. Mwana wa Fomu 3 atha kutsutsana ndi anzake pa nkhani imeneyi ola lathunthu, ndipo pomaliza amakhala ataphunzira za utsamunda kuposa zimene notsi zanga zingamupatse.

Nkhani ya gule

Sindingalembe za Chamare n'kuzemba nkhani imene ambiri mwa inu mukuiganiza kale. Pali makolo amene safuna kuti mwana wawo alowe m'chipinda cha gule wamkulu chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Palinso akuluakulu a mwambo amene amaona kuti zimene zili m'chipindamo si zoti mwana wosameta kapena wosavinidwa aziziyang'anitsitsa. Mbali zonse ziwiri zili ndi ana m'makalasi mwathu, ndipo zonse ziyenera kumvedwa. Nkhaniyi si ya lero. M'zaka za m'ma 1920 kuno ku Mua kudali mkangano waukulu pakati pa amishoni ndi eni gule, akulimbirana ana omwewa, uyu akukokera kusukulu uyu kudambwe. Wolemba mbiri Ian Linden adaufotokoza m'buku lake la mu 1974. N'chinthu chopatsa chidwi kuti pamishoni pomwepo ndi pamene padadzamangidwa nyumba yolemekeza gule.

Kwa makolo a mbali yoyamba ndimanena kuti kuphunzira za chinthu si kuchipembedza. Mwana amene waphunzira za milungu ya Aigupto sasanduka wopembedza dzuwa. Ndipo mwana ameneyu amakhala m'mudzi mmene gule amatuluka pamaliro, paziliza ndi polonga ufumu. Kuli bwino adziwe kuti Simoni, Maliya kapena Chadzunda amabwera ndi phunziro lotani pabwalo, kusiyana n'kuti akule ndi mantha osakaniza ndi chipongwe pa anansi ake. Mu 2005 UNESCO idalengeza gule wamkulu wa Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chimodzi mwa chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu. Kungakhale kodabwitsa kuti mwana wa ku Japan awerenge zimenezi, wa ku Golomoti ayi.

Kwa akuluakulu a mwambo ndimanena kuti nkhawa yawo ndi yomveka, koma mdani wawo si myuziyamu. Mavidiyo a gule ali mbwee pa Facebook, YouTube ndi TikTok, ojambulidwa ndi aliyense, opanda wolongosola, ena oikidwa pongofuna kuseketsa anthu. Ana athu akuwaonera kale, tifune tisafune. Kusiyana kwa zimenezo ndi ntchito ya a Kungoni n'kwakukulu. Mu 2012 Bambo Boucher adatulutsa buku lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, ndipo pamodzi nalo padakhazikitsidwa tsamba la pa intaneti lotchedwa Kasiyamaliro, zonse zolongosola zilombo za gule ndi mwambo umene chilichonse chimaphunzitsa, kuchokera pa zaka zambiri zokhala pansi ndi eni ake. Choncho Mua idalowa kale pa intaneti, ndipo idalowa mwaulemu.

Malire anga monga mphunzitsi ndi awa. Ndimaphunzitsa zimene gule amaphunzitsa pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana omwe. Za kudambwe zili ndi eni ake ndipo si za pa bolodi langa. Ulendo usanachitike makolo adziwitsidwe kudzera ku komiti yawo, ndipo mafumu oyandikana ndi sukulu amve kuchokera kwa ife, asamve mphekesera. Mwana amene makolo ake akana asakakamizidwe kapena kusekedwa. Zipinda zina ziwiri zija zili ndi zambiri zoti achite. Ndipo ana auzidwe kuti asatulutse foni n'kuyamba kujambula asadapemphe kwa oyang'anira malowo.

Za ndalama ndi za mayeso

Ndikudziwa zimene zimanenedwa mu stafurumu. Choyamba n'chakuti ndalama palibe. Zoona, koma tiwerengetsere bwino. Kuyenda chipinda ndi chipinda pa intaneti kumadya bandulo ngati chiswe, ndipo netiweki ya kuno imaduka nthawi imene phunziro lafika pokoma. Ngakhale ku Golomoti kuli munda waukulu wa magetsi a dzuwa umene udayamba kugwira ntchito mu 2022, nyumba zambiri za ana athu zikuunikirabe tochi. Kwa sukulu zoyandikana ndi Mua, ulendo wapansi kapena wa njinga wopita ku Chamare, ndi kandalama kolowera kamene mungayambe mwakambirana ndi eni malo, ungathe kutchipa kusiyana ndi bandulo yoti ana 60 aonere vidiyo. Pa za intaneti, njira imene imandithandiza ndi yosankhiratu zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kuzikopera m'foni pamene netiweki ili bwino, kulemba mafunso pa bolodi, ndi kuyendetsa foniyo m'magulu. Zithunzi zochepa zoonedwa modekha zimaposa ulendo wonse wothamanga.

Chachiwiri n'chakuti izi sizibwera pamayeso. Zimabwera. Ufumu wa Maravi, kubwera kwa Ayao ndi Angoni, malonda a akapolo ndi minyanga, ntchito za amishoni, zonsezi ana amalemba pamayeso. Miyambo imabwera pa phunziro la Chichewa. Ndipo myuziyamu imawongola zimene notsi zimasokoneza. Ana ambiri amaloweza kuti Angoni adawoloka Zambezi mu 1835, osadziwa kuti chakachi n'cha gulu la Zwangendaba, pamene Angoni a kuno, a Maseko a kwa Gomani ndi kwa Kachindamoto, adali gulu lina loyenda njira yakeyake. Mwana amene wamva nkhaniyi ali chiimire pafupi ndi zida za makolo ake saisokonezanso m'chipinda cha mayeso.

Myuziyamu ya m'nyumba mwa agogo

Kwa mabanja, ndikuti myuziyamu yoyamba ili pakhomo. Pafupifupi banja lililonse lili ndi kanthu kamene kakudyedwa ndi njenjete kuseri kwa chitseko: nkhali ya mayi a agogo, nthungo, chipanda, mono, khasu losulidwa pamanja, ndalama ya mapaundi ya dziko lino lisanayambe kwacha mu 1971, khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu, kapena chiphaso cha Wenela cha agogo amene adakagwira kumigodi ya ku Joni ulendowo usadaimitsidwe mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Chilichonse mwa zimenezi ndi phunziro la mbiri, ndipo mphunzitsi wake ali moyo, wakhala pakhonde kudikira woti amufunse. Safunsa adadya phula.

Ntchito imene ndimapatsa ana patchuthi ndi yosavuta. Asankhe chinthu chimodzi cha pakhomo, akhale pansi ndi wamkulu amene amachidziwa, ndipo alembe pakapepala dzina lake, chimene adachipangira, amene adachipanga, ntchito yake ndi dzina la amene wafotokozayo. Kapepala kameneka kali ndi chimene mamyuziyamu akuluakulu a ku Ulaya adalephera kusunga, dzina la mmisiri. Chinthucho chisachoke pakhomo. Mwana achijambule ndi pensulo kapena ndi foni ngati ilipo. Akabwera kusukulu timafufuza pa intaneti ngati kuli china chofanana nacho kunja. Mtsikana wina adapeza chithunzi cha chipande chosemedwa mofanana ndi cha agogo ake chili m'kabati yagalasi ku Ulaya, ndipo adapita nacho kukawaonetsa. Adabwera ndi uthenga woti gogoyo adaseka mpaka misozi, nafunsa ngati azunguwo amaomolera nacho nsima. Tsiku limenelo gogo uja ndi amene adali katswiri, foni idangokhala mboni.

Chenjezo limodzi liperekedwe kwa ana ndi makolo omwe. Chidwi chisasanduke kuononga. Kukumba pamalo ngati Mankhamba, kulemba maina ndi makala pamiyala ya Chongoni, kapena kugulitsa zakale za m'mudzi kwa anthu oyendayenda, n'kuba chuma cha adzukulu, ndipo malo oterewa amatetezedwa ndi lamulo.

Pempho langa

Kwa aphunzitsi anzanga a m'dera lino, ndikupempha kuti teremu ikubwerayi, polemba masikimu, aliyense apezemo tsiku limodzi la Chamare, ndipo apiteko yekha kaye ana asadapite kuti akakonze mafunso. Si a mbiri okha. Wa Chichewa, wa jogalafe, wa zaulimi ndi wa za Baibulo onse ali ndi gawo lawo m'zipinda zija. Mutu umodzi susenza denga. Sukulu ziwiri zoyandikana zitha kupangana tsiku limodzi. Mukabwerako, mafunso amene ana alephera kupeza mayankho ake muwalembe, ndipo amenewo ndiwo mupite nawo pa intaneti.

Kwa inu ana anga akale amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi kutsidya la nyanja, inu muli ndi netiweki imene ife tilibe. Mukalowa m'myuziyamu kumeneko n'kupeza chinthu cha kwathu, funsani ngati amalola kujambula, mutitumizire pamodzi ndi mawu olembedwa pansi pake. Mukabwera kumudzi pa Khirisimasi ndi ana anu olankhula Chingerezi aja, musangowatengera kunyanja. Patukani pa Mua, ndipo m'galimotomo mutengemo agogo awo ndi ana a achemwali anu amene sadalowemo. Amene mungathe, lipirirani kalasi imodzi ya pasukulu imene mudaphunzira.

Awa ndi maganizo anga. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka pa nkhani ya gule, muona mosiyana, ndipo ndikufuna kumva. Amene mwayesapo kale ulendo wotere ndi kalasi yanu, tiuzeni mmene mudayendera ndi zimene makolo adanena.